Mpata wa Zala Ziwiri

Malomo, Ntchisi
14 Meyi 1978

Achimwene a Langton,

Moni wochokera kwa ine mlongo wanu Lenia. Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko, inu ndi mahatchi a azungu aja mumawasamala kuposa abale anu. Ife kuno tilipo, kungoti Rute wakhala akutsokomola chiyambireni chisanu. Kalatayi ndapatsira a Sabiti, aja amayendetsa lole ya fodya, chifukwa muli mawu oti sangadutse ku positi. Mukawerenga muiponye pamoto.

Lachinayi likubwerali pakwana chaka chimwalirireni bambo. Inu simunaone, paja akuti tchuthi chinavuta, ndiye ndikuuzaninso ngakhale ndinalemba kale, kuti musamaiwale. A Felton, tcheyamani wa chipani m'dera lino, anawapeza bambo pamsika alibe khadi ya chipani, khadiyo ili m'thumba la jekete kunyumba. Anawamanga chingwe m'chiuno, mbali ina n'kumangirira ku chishalo cha hatchi yawo ija, n'kuwathamangitsa kuchoka pamsika mpaka kuesiteti kwawo, chitunda chonse chija. Munthu wamkulu, wa chifuwa chake kale. Anthu anangoyang'ana pansi, ine ndikulira pambuyo ngati wamisala. Patatha milungu iwiri tinawaika m'manda.

Tsono imvani. Hatchi ija yatuluka chotupa pachifuwa, pakati pa miyendo yakutsogolo, chachikulu ngati peyala. A Felton sakuona tulo, chifukwa akufuna adzakwere hatchiyo pa chikondwerero cha pa 6 Julaye ku boma, akuluakulu akuwaona. Dokotala wa ziweto wakana kubwera, akuti sangasiye ng'ombe zikufa kwina chifukwa cha chiweto chimodzi chodyera shuga m'manja. Ndiye alamula alamu anu a Yosefe kuti adule chotupacho, munthu woti ntchito yake ndi yosambitsa ng'ombe kudibi ndi kuzithena. Mankhwala ogonetsa awapeza kwa mnzawo wa esiteti ya ku Chisepo. Kudulako alamu anu sakuopa, koma akuti hatchi sanaisokepo, ndipo anamva kuti khungu lake ndi lovuta. Andituma kuti ndikufunseni inu, poti mumagwirira mbale dokotala wachizungu akamang'amba mahatchi kumeneko.

Limenelo ndi pempho la alamu anu. Langa ndi ili. Mundilembere kasokedwe koti pamaso kaoneke bwino, koma pakapita masiku bala liwole, hatchi ife, anthu n'kumati ndi matenda chabe. A Felton ine sindingawakhudze, ali ndi ayufi a chipani, ali ndi apolisi. Koma chinyama chija amachikonda kuposa mkazi wawo. Ndikufuna ndiwaone akulira, ndiwaone akukwera chitunda chija ndi miyendo yawo. Ndikachiona chikudutsa pamsewu ndimalavulira pansi, achimwene.

Alamu anu asadziwe. Mukuwadziwa, munthu wopepesa ng'ombe asanaibaye jekeseni. Inu mungolemba ngati malangizo wamba, iwo akatsatira.

Bambo simunawaike. Chitani ichi chokha.

Ndine mlongo wanu,
Lenia


Limbe
22 Meyi 1978

Mlongo wanga Lenia,

Ndakondwa kumva kuti muli moyo. Rute mupite naye kuchipatala, chifuwa cha nthawi ino sachisekerera. Ine ndili bwino. A Sabiti anabwerera ndisanagwire cholembera, ndiye iyi ndaponya ku positi kuti isachedwe. Uwapatse alamu awerenge okha.

Alamu, khungu la hatchi si la ng'ombe ayi. Ndi lopyapyala, ndipo pachifuwa limakokeka nthawi iliyonse ikaponda. Ng'ombe mutha kuisoka ngati nsapato, mawa n'kuipeza ikudya. Hatchi ndi bwana, imafa ndi tizinthu tochititsa manyazi.

Kuno dokotala wathu amatseka mabala m'njira zitatu. Ina ndi ya ulusi umodzi kuyambira uku mpaka uko, monga tisokera thumba la chimanga. N'njachangu ndipo imakongola, koma pakaduka pamodzi bala lonse limayasama. Pachifuwa musayese. Ina ndi ya tizitsulo topanira khungu, koma timafuna chida chakechake, kumeneko simungachipeze. Inu mutsate yachitatu, ya mfundo imodziimodzi. Mukabaya uku n'kutulukira uko, mangani mfundo, dulani, muyambenso ina, kusiya mpata wa chala chimodzi pakati. Ina ikaduka zinzake zimagwirabe.

Ulusi wake mugule nayiloni wa mbedza kusitolo ya a Hassani, muwiritse pamodzi ndi singano kwa theka la ola. Ulusi wa zovala ayi, umamwa zonyansa. Musakoke kwambiri, milomo ya bala ingokhudzana basi, chifukwa mawa lake patupa. Pakati, pamene khungu likukoka kwambiri, mubaye katatu motalikira ndi bala, ndipo mbali zonse muike batani la jekete lowiritsa, kuti nayiloni azikoka batani m'malo mocheka khungu.

Chachikulu ndi ichi. Kumunsi kwenikweni kwa bala musasoke. Musiye mpata woti zala ziwiri zilowe. Ndikubwereza, pansi pake pakhale posatseka. M'mawa uliwonse muzitsuka ndi madzi owiritsa a mchere, ndipo mumange nsalu yoyera mosathina kuti ntchentche zisatere. Mfundo muchotse pakatha masiku khumi ndi anayi.

Lenia, nkhani ina ija ya kunyumba sindiyankha muno. Ndidzalemba a Sabiti akabweranso.

Ndine,
Langton


Malomo
3 Juni 1978

Achimwene,

Moni, ndipo lero ndikuti moni ndi mtima wonse. Rute akupezako bwino. Inu muli bwanji? Ndinkakuyesani munthu wotayika, kodi ndinu mwana wa bambo anu ndithu!

Kalata yanu inafika Lachiwiri itatsegulidwa kale n'kumatidwanso ndi phala, monga mwa masiku onse. Amene anaiwerengayo anangoona mabatani ndi nayiloni. Ine nditafika pa mawu aja oti pansi pake asasoke, ndinakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikusoka mabelo a fodya pa esiteti, ndipo ndikudziwa chimene chimachitika belo ukalisiyira mpata wa zala ziwiri: chinyezi chimalowa, fodya yense n'kuola. Ndipo munachita kubwereza kawiri kuti ndisaphonye! Mwaibisa bwino nkhaniyi pakati pa malangizo enieni moti alamu anu anangogwedeza mutu, amvekere, "Alamu amaidziwa ntchito." Ndinathawira kukhitchini kuti asandione nkhope.

Dzulo ndiye linali tsiku lake. Amuna asanu ndi atatu anaigwetsa hatchi ija ndi zingwe itamwa mankhwala aja. Ine ndinapempha kuti ndizigwira mbale ndi kupatsira singano, a Felton n'kuvomera, amvekere, "Mwaona, mwana wa Andreya wazindikira tsopano kuti kulemekeza atsogoleri n'kwabwino." Anatchula dzina la bambo pakamwa pawo paja, achimwene. Ndinagwada n'kunena kuti zikomo bwana.

Alamu anu anagwira ntchito thukuta lili kamukamu. Chotupa chinachoka chonse, n'kusiya dzenje loti nkhonya ilowe. Mfundo anamanga khumi ndi zinayi, mabatani tinathothola pa jekete yawo ya ukwati. Atafika kumunsi n'kuika singano pansi, a Felton analumpha.

"Iwe Yosefe, wasiyiranji chibowo? Ulusi watha?"

"Ayi bwana, ndi mmene amachitira madokotala a ku Limbe."

"Ukuti hatchi yanga iziyenda ndi chibowo ngati thumba la mphawi?"

Koma atamva kuti ndi nzeru za azungu anangovomera. Anthu amenewa amatukwana azungu pamsonkhano pokha.

Lero m'mawa tapita kukatsuka. Pachibowo paja payamba kale kudontha timadzi tofiirira, mwendo wonse uli nyowe. Ndinaima n'kumayang'ana dontho lililonse, mtima uli mbee. Chichokereni bambo, lero ndi tsiku loyamba kudya mpaka kukhuta. Alamu anu akudabwa kuti ndayambanso kuimba posinja.

Mundiuze, zitenga masiku angati? Ndikufuna chikafike chikondwerero chija chinyamacho chili m'dothi. A Sabiti anyamuka masana ano, muyankhe pobwerera pawo.

Mlongo wanu wokondwa,
Lenia


Limbe
5 Juni 1978

Lenia,

Moni ndikupatsa. A Sabiti akudikira panja injini ikulira, ndiye ndilemba mosazungulira.

Wandimva molakwika. Palibe chimene ndinabisa m'kalata ija. Zonse ndinalemba ndi zoona, ndi mmene timachiritsira mahatchi kuno. Hatchi si belo la fodya, mlongo wanga. Pamene pachoka chotupa pamatsala dzenje, ndipo m'dzenjemo mumadzaza madzi ndi mafinya. Mpata uja ndi khomo lotulukira zoipazo. Kudontha ukukondwera nakoko ndiye kuchira kumene. Bala lotero ukalitseka lonse, zoipa zimasowa kopita, zimalowa m'thupi, chifuwa chimatupa ngati ng'oma, ndipo pamasiku asanu hatchi yapita. Ndinaziona ndi maso anga chaka chatha, munthu wina atatseka bala pofuna kuti likongole. Ndiye a Felton akalamula kuti atseke, alamu akane ndithu.

Pempho lako ndinalikana tsiku lomwe ndinaliwerenga, kungoti pa positi sindikanatha kunena. Ukuganiza kuti ine sindimufunira zoipa munthu ameneyo? Palibe tsiku limene sindiganiza za chingwe chija. Za maliro unandilasa, ndipo sunaname, ndidzafa nawo manyazi amenewo. Koma chingwe sinamange ndi hatchi. Hatchi imapita kumene wokwera waikhotetsera, ikakana imalandira chikoti. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndi nyama zimenezi, sindingaphe imodzi ndi nzeru zimene zinandiphunzitsa zokha.

Ndipo taganiza, iwe wanzeru zosoka mabelo. Wagwira mpeni ndani? Wagwira singano ndani? Hatchi ikafa, a Felton sadzafunsa kuti ndi matenda kapena ayi. Adzafuna munthu, ndipo munthu wake ndi bambo a Rute. Chingwe chija tsopano chili m'chiuno mwa mwamuna wako, hatchi ikagwa nayenso wagwa.

Ndikukupempha, leka. Tsuka balalo bwinobwino, lichire, alamu atuluke m'nkhaniyi ali ndi moyo. A Felton asiyire Mulungu ndi chipani chawo chomwecho, chimadya eni ake chikatopa ndi ife.

Undiyankhe msanga kuti mtima ukhale m'malo.

Langton


Malomo
18 Juni 1978

Achimwene,

Moni. Sindikufunsani za moyo wanu, ndikudziwa kuti muli bwino, anthu a mtima woyera ngati inu sadwala.

Hatchi yafa. Alamu anu atengedwa. Ndiyamba ndi yoyambayo chifukwa ndi imene ndikutha kuilemba.

Kalata yanu inandipeza Lachitatu pa 7. Nditawerenga ndinachita manyazi ngati andivula pamsika. Masiku asanu ndakhala ndikutsuka chinyama chimene chinapha bambo, kuchipukuta, kuchiingitsira ntchentche, ndikumwetulira, kodi ndikuchichiritsa! Chinali chitayamba kale kudya ndi kundinunkhiza m'manja. Munandisandutsa wantchito wa a Felton, inu mchimwene wanga. Ndinalira ndi ukali. Kenaka ndinawerenganso kachiwiri, ndipo ndinaona kuti mwandiuza nokha chimene ndinapempha poyamba paja. Zikomo.

Lachinayi alamu anu anaitanidwa ku Chezi kukathandiza katemera wa ng'ombe kwa masiku anayi, n'kundisiyira ine ntchito yotsuka. M'mawa umenewo m'khola munalibe munthu, onse anali kushedi kusankha fodya. Ndinatenga singano yanga ndi ulusi wakuda wa zovala, uja munati umamwa zonyansa, osawiritsa. Ndinapana mlomo wa hatchi ndi kachingwe monga amachitira alamu anu, n'kutseka kampata kanu kaja bwinobwino, dontho osatuluka. Inangonjenjemera, osandimenya n'komwe. Ndinabwezera nsalu pamwamba n'kumapita. A Felton masana ake anakondwa kuona kuti mwendo wauma.

Loweruka inasiya kudya. Lamulungu chifuwa chinali ng'oma monga munanenera, thupi lili moto. Ndinafuna kuchotsa ulusi uja kuti pasatsale chizindikiro, koma unali utamira m'chotupa, ndiponso m'khola munali mutadzaza anthu. Sindinade nkhawa, poti ngakhale ine mwini wake sindinkauona. Lolemba a Felton anachita kukamutenga dokotala wa boma ndi galimoto yawo, tsiku lomwelo alamu anu anabwera kuchoka ku Chezi. Ife akazi anatithamangitsa, sindinaone zimene anachita m'kholamo. Lachiwiri dzuwa lili pamutu inagwa, osadzukanso.

Ndinawaona, achimwene. A Felton, munthu amene akatsokomola msika wonse umaima, anakhala pansi pa ndowe atakumbatira mutu wa hatchi, akulira mokweza ngati mwana wolandidwa chigumu, mamina ali chuchuchu, antchito awo onse akuona. Ndinaima kuseri kwa shedi n'kunena chamumtima kuti bambo, onani. Musandifunse ngati ndinamva chisoni. Ndinamva kukoma, ndipo kukomako ndikukumvabe.

Lachitatu m'mawa kunabwera galimoto yopanda nambala. Alamu anu anali atavala kale nsapato, ngati munthu wodikira basi. Anamunyamula Rute, n'kumutsitsa, n'kundiuza kuti, "Amake Rute, mbuzi ija yatsala pang'ono kuswa, muziiyang'ana." Basi. Mlandu wake akuti anasoka molakwika mwadala pofuna kunyoza mtsogoleri wa chipani. Ndikudziwa kuti akunena chibowo chija, paja a Felton anachida kuyambira tsiku loyamba. Za ulusi wanga palibe akudziwa, akanadziwa bwenzi atatenga ine.

Ndiye mwaona? Munthu wosalakwa, amene anatsata malangizo a madokotala, amutengera mkwiyo chabe. Anapha bambo, tsopano wanditengera mwamuna. Musayambe kundiuza kuti munanena. Wolakwa ndi Felton, ndipo ine ndi iye sitinathane.

Kupolisi ya ku boma akuti sakuwadziwa. Anansi akandiona akukhotera njira ina. Inu kumeneko mumakumana ndi mabwana, tafufuzani kumene awapititsa. Mupemphenso dokotala wanu alembe kalata yonena kuti kusiya mpata ndiye kasokedwe koyenera. Akaiona kalata ya mzungu awamasula, poti alibe umboni wina.

Lenia


Malomo
9 Julaye 1978

Achimwene,

Moni. Kodi muli moyo? A Sabiti apita ku Limbe katatu, katatu konse abwera chimanjamanja. Akuti kalata yanga munalandira, munawerenga iwo ali pompo, n'kungolowa m'khola.

Chikondwerero chinachitika. A Felton anapita pa galimoto, ndipo akuti pamsonkhano sanalankhule. Aonda, kolala ikuchita kugwedera. Ine pa esiteti andichotsa ntchito, nyumba ya kudibi atilanda, tili kwa azakhali. Mbuzi inaswa ana awiri. Rute amafunsa tsiku lililonse kuti katemera wa ku Chezi adzatha liti.

Ngati mwakwiya chifukwa cha hatchi, kwiyani, mudzanditukwane pamaso. Koma alamu anu sanakulakwireni. Kalata ya dokotala ija ili kuti? Kodi chinyama chakufa chikuposa mlamu wanu wamoyo?

Lenia


Limbe
16 Julaye 1978

Lenia,

Ndili moyo. Ndafufuza kwa aliyense amene ndikanatha kumufunsa osamangidwa nane. Palibe akudziwa kumene ali, ndipo wina wandiuza kuti ndikafunsanso ndikamupeza komweko.

Kalata ya dokotala sindinapemphe, chifukwa singathandize. Mlandu si mpata uja ayi.

Ndinakulembera kuti ndipulumutse hatchi ndi mwamuna wako, iwe n'kutenga mawu anga omwewo kukhala mpeni. Mwezi wathunthu ndakhala ndikulowa m'khola muno osatha kuziyang'ana nyamazi kumaso. Ukuti ukumvabe kukoma. Chabwino.

M'kati muno muli kalata ya alamu. Inandipeza masiku ochepa yako ya pa 18 Juni ija isanafike. Anandipempha kuti ndisakuonetse, ndipo ndayesetsa milungu inayi. Munthu wabwino akanaisunga mpaka kufa. Koma ine ndi iwe tinabadwa mimba imodzi, nanenso ndimadziwa kubwezera. Werenga.

Langton


Kudibi, Malomo
12 Juni 1978

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda bwino. Ndikulemba ndili muofesi ya kudibi, ndipo ndisiya kalatayi kusitolo ya a Hassani kuti a Sabiti adzaitenge. Pepani kalembedwe, ndachoka kumene kukhola.

Choyamba ndithokoze. Malangizo anu anali abwino. Mmene ndinkapita ku Chezi bala linali lofiira bwino, mfundo zonse zili m'malo, mabatani atagwira. Ndinanyada, alamu, munthu wa kudibi kusoka hatchi. Ndinkafuna mudzaone.

Lero ndabwera n'kupeza yatupa mpaka m'khosi. Dokotala wa boma anali pomwepo ndi a Felton ndi ayufi anayi. Atachotsa nsalu anafunsa kuti, "Potulukira mafinya pali kuti?" Ine ndinati pali mpata kumunsi. Anapapasa, n'kutenga lumo, n'kukoka ulusi wakuda. Zimene zinatuluka pamenepo sindingazilembe, ayufi awiri anathawira panja. Dokotala anati, "Amene anatseka apa ndiye wapha hatchiyi. Siifika mawa madzulo."

Ulusiwo ndinauyang'ana asanaudule wonse. Tinali timisoko ting'onoting'ono tofanana, ndipo pomaliza wosokayo anabwerera kawiri asanamange mfundo. Alamu, malaya amene ndavalawa pakhwapa pake ndi posokedwa chimodzimodzi. Zaka khumi ndi chimodzi ndavala kasokedwe kameneko.

A Felton anatembenukira kwa kapitawo wawo n'kufunsa kuti, "Amatsuka ndani masiku amenewa?" Kapitawo anatsegula pakamwa. Ndinamudula. Ndinati, "Bwana, ndinatseka ndine Lachinayi m'mawa ndisananyamuke. Munkadandaula za chibowo, ndiye ndinafuna kukusangalatsani, nayiloni anali atatha." Dokotala anandiyang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza kuti sanakhulupirire. A Felton anati, "Ikafa, upite nayo." Ndiye ndikudikira.

Musandiyese munthu wolimba mtima. Koma mukudziwa zimene amawachita akazi kundende kuja. Ndiponso Rute ali ndi zaka zinayi, angathe kukula wopanda ine, koma wopanda mayi ake ayi.

Pempho langa ndi limodzi. Musamuuze mlongo wanu kuti ndikudziwa, kapena kuti ndavomera mlandu. Aziganiza kuti anditengera mkwiyo chabe. Akamadana ndi a Felton adzakhala ndi mphamvu zolerera mwana, koma akadziwa izi sindikudziwa kuti adzadana ndi ndani. Muzimulembera, ndipo mukapeza tchuthi mubwere mudzawaone.

Sindinamukwiyire. Tsiku lija la chingwe ine ndinali pamsika pomwepo, ndipo ndinali m'gulu la anthu amene anayang'ana pansi. Mkazi wanga sanandinenepo ngakhale kamodzi.

Chimene chikundiwawa n'china. Chichitireni opaleshoni ija mkazi wanga anasintha. Anayamba kudya, kuseka, kuimba posinja, m'mawa n'kumandidzutsa yekha kuti tikatsuke bala. Ndinkamuona akuipukuta hatchi ija mwendo ndipo ndinkathokoza Mulungu chamumtima. Ndinafika pouza anzanga ku Chezi kuti kunyumba kwanga kwabwerera mtendere. Ndinakondwa kwambiri, alamu. Ndinkati maliro a bambo ake atha.

Ndine mlamu wanu,
Yosefe